NYUMBA YA MALAMULO YA KU LILONGWE NDI ULENDO WAKE

Tengani ndalama ya pepala ya K200, imene amai amanga pa nsonga ya mpango popita kukagula machesi, muiyang'anitse bwino. Mbali yina muona nkhope ya mai Rose Chibambo. Mukaitembenuza muona nyumba yotambasuka, ya nsanamira patsogolo, yobvala chipewa chozungulira pamutu pake. Imeneyo ndiyo Nyumba ya Malamulo ya dziko lathu, imene Angelezi aitcha Parliament. Ambiri a inu simunaione ndi maso, koma chithunzi chake chagona m'matumba mwanu ndi pansi pa mphasa zanu kuyambira chaka cha 2012, pamene ndalama zimenezi zinatuluka. Tsono nkoyenera kuti mudziwe mbiri yake, pakuti msonkho umene mukhoma, ndalama za feteleza wa makuponi, malamulo a munda umene mulima, ndi msinkhu umene mwana wanu wamkazi angakwatiwe nao, zonsezi zipanganidwa m'nyumba imeneyo.

Kumudzi bwalo silisowa malo. Kachere kapena mkuyu uli pomwepo, akulu akhala pa mipando yao, amai pa mphasa cha kumbali, ndipo ali yense adziwa kuti bwalo si nyumba ya mfumu, chinkana mfumu ndiyo idula mlandu. Makolo athu anachita dala kuika bwalo poyera, kuti wosauka ayankhule momasuka, chinthu chimene sakadakhoza pa khonde la mwini mudzi. Koma bwalo la dziko lonse la Malawi linayenda ulendo wa zaka 103, kuchokera 1907 kufikira 2010, lisanafike pamene liri lero; ndipo nthawi yaikulu ya ulendo umenewo linali kukhala pa khonde la wolamulira, poyamba Bwanamkubwa, pambuyo pake Pulezidenti.

Ku Zomba

Chiyambi chake chiri ku Zomba, patsinde pa phiri, kumene Harry Johnston anaika boma la Angelezi m'chaka cha 1891. M'chaka cha 1907 dziko linalandira dzina la Nyasaland, ndipo kuchokera ku London kunadza lamulo lakuti pakhale bungwe lopanga malamulo, lotchedwa Legislative Council. Wokhala pampando anali Bwanamkubwa mwini, Sir Alfred Sharpe, pamodzi ndi Azungu anzake 6: atatu akulu a boma, atatu osankhidwa pakati pa Azungu osagwira nchito ya boma. Munthu wakuda munalibe ndi mmodzi yemwe. Anati mmishoni mmodzi aziyankhulira anthu akuda onse, ndipo woyamba kusenza katundu ameneyo anali Alexander Hetherwick wa ku mishoni ya Blantyre. Anali munthu wodziwa Chinyanja ndi Chiyao bwino lomwe, ndipo sitikana kuti nthawi zina analimbana ndi anzake chifukwa cha ife; koma mnzako sangakudyere nsima iwe nukhuta. Malamulo a msonkho wa nyumba, a thangata pa minda ya Azungu, ndi aja a 1933 amene anapatsa mafumu a ndodo mphamvu ndi mabwalo a milandu, onsewo anapangidwa eni dziko ali panja.

Anthu akuda oyamba analowa m'chaka cha 1949, patapita zaka 42 chiyambire bungwelo, ndipo iwonso anachita kuikidwa ndi Bwanamkubwa. Zinthu zinayamba kutentha mu 1956, pamene mipando 5 inapatsidwa kwa anthu akuda osankhidwa ndi mabungwe a zigawo, nalowa Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Ralph Chinyama, N. D. Kwenje ndi Dunstan Chijozi. Masiku amenewo dziko linali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu anachikana kuyambira pachiyambi. Anyamata awiri aja, Chipembere ndi Chiume, anali kufunsa mafunso osautsa boma, ndipo mau ao, osindikizidwa m'buku la zokambidwa lotchedwa Hansard, anayenda m'manja mwa aphunzitsi ndi makalaliki dziko lonse, wina akatha kuwerenga napatsira mnzake.

Nyumba ya msonkhano ya ku Zomba inamangidwa m'zaka zomwezo za m'ma 1950. Ndi nyumba yaing'ono, yoyesedwa pa anthu owerengeka, yokhala pa chitsetse cha phiri pakati pa mitengo, kufupi ndi maofesi a boma ndi nyumba ya Bwanamkubwa. Mwambo wa m'katimo unachokera ku London: a boma akhala ku dzanja lamanja la Sipikala, otsutsa ku lamanzere. Angelezi aukonda ndithu mwambo umenewu. Pamene mabomba a Ajeremani anaononga chipinda cha aphungu ao m'chaka cha 1941, Winston Churchill anaumirira kuti achimangenso monga chinaliri, cha mbali ziwiri zopenyana, ndi chochepa dala, mipando yosakwanira aphungu onse, kuti tsiku la nkhani yaikulu anthu adzapanikizane ndi kumva m'thupi mwao kuti kwagwa kanthu.

Kanthu kotere kanagwa ku Zomba ufulu utangobadwa. Pa 6 July 1964 mbendera ya Malawi inakwera, Nyumba iri ndi aphungu 53. Patangopita miyezi iwiri, pa 8 ndi 9 September, chipinda chija chinamva mkangano umene unatembenuza mbiri ya dziko. Dr. Hastings Kamuzu Banda anasemphana ndi nduna zake. Anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi mai Chibambo aja a pa K200, mkazi woyamba wa kuno kwathu kukhala phungu. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula okha udindo pansi. Anakangana za tiki imene odwala anayenera kulipira ku chipatala, za ubwenzi ndi Apwitikizi, ndiponso za China. Ndunazo zinafuna kuti Malawi apalane ubwenzi ndi boma la ku Beijing, limene linali litalonjeza chithandizo cha ndalama zambiri. Kamuzu anakana kwamtuwagalu, ndipo mu 1966 anagwirana chanza ndi Taiwan, mdani wa boma lija. Sungani nkhani ya China imeneyi, pakuti tidzakomana nayo kutsogolo.

Kuyambira 1966 chipani chinatsala chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala Pulezidenti wa muyaya. Dzanja lamanzere la Sipikala linasowa nchito. M'mwezi wa May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi David Chiwanga phungu wa ku Chikwawa, anagwidwa msonkhano wa ku Zomba utangotha, ndipo mitembo yao inapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linati ndi ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene linaikidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa. Sitikumbutsa zimenezi pofuna kutosa zilonda za amasiye ai. Tifuna ana obadwa m'mbuyo adziwe kuti panali nthawi pamene Nyumba inali ndi Sipikala, mipando yabwino ndi mwambo wonse, koma okhalamo anali kuyeza mau ao monga munthu ayeza ufa m'chaka cha njala.

Mzinda watsopano

Pamene zimenezi zinali kuchitika ku Zomba, likulu la dziko linali kusamuka. Lilongwe wakale, amene lero timutcha Old Town, anali boma laling'ono pa mtsinje wa Lilongwe, lokhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, limene linakula ndi malonda a fodya. Tsidya la kumadzulo kunali maofesi a boma ndi nyumba za Azungu, kumene tsopano kuli Area 3. Tsidya la kum'mawa kunali masitolo a Amwenye, msika ndi nyumba za anthu akuda.

M'chaka cha 1965 Kamuzu ananena kuti likulu lidzakhala ku Lilongwe, pakati pa dziko, kuti chitukuko chisaunjikane kumwera kokha. Angelezi anakana kupereka ndalama, poyesa kuti nchitoyo ipambana mphamvu za dziko losauka. Boma la South Africa, limene maiko ena a mu Africa anali kulisala chifukwa cha tsankho, ndilo linakongoza marandi 8 miliyoni m'chaka cha 1968, ndipo akatswiri a komweko ndiwo analemba mapu a mzinda watsopano. Midzi imene inali pamalopo inasamutsidwa. Anasiya Old Town monga analiri, nalumpha makilomita 5 kapena 6 kumka kumpoto, tsidya la mtsinje wa Lingadzi, namanga kumeneko maofesi oyera a nduna pa Capital Hill ndi nyumba zosanja za City Centre. Pakati anasiyapo nkhalango, imene iripo kufikira lero. Mzinda wonse anaugawa m'zigawo za manambala. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 anadula mapuloti akuluakulu, nyumba iri yonse m'munda mwake mwa maluwa, kuti mukhale akazembe ndi akulu a boma. Anthu a nchito wamba anakhala ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25, kutali ndi maofesi amene asesa m'mawa. Mwini galimoto aukonda mzinda umenewu. Woyenda pansi audziwa ndi zidendene.

Likulu linasamuka m'chaka cha 1975. Anamanga Reserve Bank, anamanga bwalo la ndege ku Lumbadzi, anayamba nyumba yachifumu ya zipinda 300 ku Area 44. Koma nyumba ya aphungu sanaimange. Zaka zinanso pafupifupi 20 aphungu anasonkhanabe ku Zomba, makilomita ngati 300 kuchokera ku maofesi a boma, ndipo nyengo ya msonkhano ikafika nduna ndi makalaliki ao anali kutsika ndi mitolo ya mapepala pa mseu wa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Munthu akamanga mudzi watsopano ayamba ndi chimene achiyesa chofunika, ndipo mwa ichi tiona malo amene aphungu anali nao mumtima mwa boma la masiku amenewo.

Chikamwini

Kusintha kunadza ndi kalata ya Maepiskopi athu, imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. Achikulire akumbukira mantha a masiku otsatira. Pa 14 June 1993 anthu anaponya voti nasankha zipani zambiri, ndipo pa 17 May 1994 anasankha aphungu 177, Bakili Muluzi nakhala Pulezidenti. Iyeyu anakana kugona m'nyumba yachifumu ija ya ku Area 44, imene lero itchedwa Kamuzu Palace. Nyumbayo inatha zaka pafupifupi 20 iri kumangidwa, nidya, monga anthu anena, madola 100 miliyoni. Muluzi anati nkosayenera kukhala m'nyumba yotere pakati pa anthu osauka, naipereka kwa aphungu. Momwemo Nyumba ya Malamulo inafika ku Lilongwe, koma inafika ngati mkamwini, wokhala pa malo a eni, m'chipinda chimene sichinamangidwire nchito imeneyo.

Zinthu ziwiri za masiku a chikamwini chimenecho ziyenera kukumbukika. Malamulo akulu a dziko a 1994 analonjeza zipinda ziwiri: cha aphungu, ndi china cha anthu 80 chotchedwa Senate, m'mene mukadakhala mafumu pamodzi ndi oimira zipembedzo, amai, alimi ndi olumala. M'chaka cha 2001 aphungu anachifafaniza chisanakhale ndi tsiku limodzi lomwe. Ndicho chifukwa chake Nyumba yathu iri ndi chipinda chimodzi chokha cha msonkhano, ndipo mfumu ya ndodo ikafika kumeneko ikhala pa mpando wa alendo. Koma tiwayamikenso pamene ayenera kuyamikidwa. Pa 4 July 2002 panadza ganizo lakuti Pulezidenti aziima pa chisankho kopanda malire. Linafuna mavoti 128, nilipeza 125. M'nyumba yomangidwira Pulezidenti, aphungu anakaniza Pulezidenti ndi mavoti 3 okha.

Akulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. M'chaka cha 2004 Bingu wa Mutharika atalowa, anati nyumbayo inamangidwira mtsogoleri wa dziko, ndipo iye adzagonamo. Maofesi a aphungu anasamukira ku Chief M'mbelwa House mu City Centre, ndipo pa misonkhano ikuluikulu analowabe pa chipata cha Pulezidenti ngati alendo. Zaka zimenezo ndizo zija za mkangano wa Gawo 65, pamene Bingu anatuluka m'chipani chimene chinamuimika nayambitsa chake, otsutsa nachuluka m'Nyumba, bajeti nichedwa kubvomerezedwa. Taganizani inu muli pa mlandu ndi mwini nyumba, bwalo lake nkukhala pa khonde la mwini nyumba yemweyo.

Nchito yomanga nyumba yaoyao inayamba ndi chithandizo chimene Taiwan analonjeza. Koma kumapeto kwa December 2007 boma linaleka ubwenzi wa zaka 41 ndi Taiwan, nilipalana ubwenzi ndi China. Boma la China linatenga nchitoyo, pamodzi ndi mseu wochokera ku Karonga kumka ku Chitipa. Kampani ya ku chigawo cha Anhui inayamba kumanga kumayambiriro kwa 2009, akapitao ndi amisiri akulu ochokera kwao, anyamata a kuno nakanya simenti ndi kusenza zitsulo. Panapita chaka ndi miyezi yowerengeka yokha. Pa 21 May 2010 nyumba inaperekedwa, Bingu naitsegula, Sipikala ali Henry Chimunthu Banda. Mtengo wake unali madola pafupifupi 41 miliyoni, ndipo inali mphatso yosabweza. Chotero ubwenzi uja umene nduna zinaukanganira ku Zomba mu 1964 ndiwo unafolera denga la aphungu patapita zaka 46. Chiume sanazione, anamwalira mu November 2007, kutatsala mwezi umodzi kuti ubwenziwo upalidwe. Mai Chibambo anakhala ndi moyo kufikira 2016, naiona nyumbayo itasindikizidwa kuseri kwa nkhope yao.

Mamangidwe ake

Nyumbayi iri pa mseu wa Presidential Way, patsinde pa Capital Hill, moyandikana ndi manda a Kamuzu amene anatsegulidwa mu 2006. Munthu amene anasiya aphungu ku Zomba ndiye wagona pafupi nao tsopano. Mlendo ayamba kuona mpanda wautali ndi chipata cha alonda, kenaka danga lalikulu, nyumba iri patali ndithu ndi mseu. Amisiri a nyumba za boma achita dala motero, kuti munthu poyenda danga limenelo aione nyumba yonse ndi kumva kuchepa kwake asanafike pakhomo. Patsogolo paima nsanamira zazitali. Uku ndi uku kwatambasuka mapiko a maofesi, ndipo pakati ndi pamene pali chipinda cha msonkhano ndi chipewa chija. M'nyumba yomweyo muli maofesi a Sipikala ndi a Kalaliki wa Nyumba, zipinda za makomiti, malo a mabuku, ndi a alembi a Hansard amene alemba liu liri lonse lotuluka pakamwa pa phungu.

Chipewacho ndicho chikopa maso, ndipo mbiri yake ndi yakale. Amisiri a ku Roma wakale ndiwo anapambana kumanga madenga otere. Inu amene munaona chithunzi cha tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma mudziwa maonekedwe ake. Anthu a ku America anatengera komweko pomanga nyumba yao ya malamulo ku Washington, ndipo chiyambire pamenepo maiko ambiri ayesa kuti nyumba ya malamulo yopanda chipewa sinathe kubvala. Kodi denga lotere liima bwanji? M'nyumba yathu yozungulira tiimika mzati pakati, mapaso onse nagonera pamenepo. Denga la chipewa liribe mzati. Kulemera kwake kutsikira m'mbali monse mofanana, monga mphika wobvundikira pansi ukhoza kusenza mwana woukhalira osasweka, chinkana dongo lake ndi lopyapyala. Ndipo m'munsi mwake alimanga ndi lamba wolimba kuti lisayadzamuke, monga tichita ndi mbariro za denga la nkhokwe. Phindu lake nlakuti pansi pake patsala malo aakulu opanda mtengo wotchinga maso, ndipo chipinda cha msonkhano chifuna chomwecho, kuti Sipikala aone ali yense woimirira. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga uyenera pano kawiri, pa mamangidwe ndi pa nchito ya okhalamo.

Kunena zoona, nyumbayi ndi yaulemu ndi yooneka bwino, ndipo amene anaipereka ayenera kuthokozedwa. Koma ife tikaiyang'ana tisowamo kanthu ka kwathu. Anzathu a ku Zambia, pomanga nyumba yao pa Manda Hill ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1967, anaikuta ndi mkuwa wa m'migodi yao, kuti ali yense aone chimene chidyetsa dzikolo. Ya ku Zimbabwe pa Mount Hampden, chinkana nayonso inamangidwa ndi boma la China, inatengera maonekedwe a malinga a miyala a Great Zimbabwe. Yathuyi munthu akaiona pa chithunzi chopanda mbendera sangadziwe msanga kuti ndi ya dziko liti. Ndiponso nyumba ya mphatso ikhala ndi bvuto lake: zipangizo zambiri zinachokera kutali, ndipo kanthu kakaonongeka, chokonzera chake sichipezeka pa msika wa mu Old Town.

M'katimo

Tsiku la msonkhano belu likalira aphungu alowa. Kapitao wosunga mwambo, amene amutcha Sergeant-at-Arms, atsogola atasenza ndodo yonyezimira paphewa, Sipikala pambuyo pake atabvala mkanjo. Ndodo ikaikidwa pa tebulo apemphera, msonkhano nuyamba. Lamulo latsopano, pamene likali bilu, liwerengedwa katatu. Koyamba angolitchula dzina, kachiwiri akangana za mutu wake, kenaka alisanthula ndime ndi ndime monga amai asankha nyemba pa lichero, kachitatu alibvomereza. Pamenepo lipita kwa Pulezidenti, amene ali ndi masiku 21 kuti asaine kapena alibweze. Umo ndi m'mene anayendera malamulo a malo a 2016, okhudza minda ya makolo. Ndipo pa 14 February 2017, m'chipinda chomwechi, aphungu 131 anabvomera, 2 okha nakana, kusintha malamulo akulu kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja chinkana makolo atalola; nkhondo imene Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inali itaimenya kale m'midzi yake pomasula maukwati a ana. Mu 2019 mai Catherine Gotani Hara anakhala mkazi woyamba pa mpando wa Sipikala. Pamene nyumba inatsegulidwa aphungu anali 193. Chisankho cha pa 16 September 2025 chinali cha mipando 229.

Chinthu chimodzi sichinasinthe chichokere ku Zomba. Malamulo akulu ati wofuna kukhala phungu adziwe kuyankhula ndi kuwerenga Chingelezi, ndipo zokambirana zichitika m'Chingelezi, chinkana malamulo omwewo alola Nyumba kuonjezapo zinenero zina itafuna. Chotero mai amene anaima pa mzere kuyambira mbandakucha kuti aponye voti, akatsegula wailesi samva chimene phungu wake ali kunena za iye, kufikira mwana wa sukulu ammasulire. Ife tiyesa kuti mpanda umenewu upambana kutalika uja wa pa Presidential Way.

Malo enieniwo alinso kutali ndi kumene anthu achuluka. Ozungulira nyumbayi ndi maofesi, mahotela, nyumba za akazembe ndi mipanda ya njerwa ya ku Area 10, Area 11 ndi Area 12. Wa ku Mtandire, ku Kauma kapena ku Chinsapo sangodutsako. Afikako ali ndi chifukwa. Ambiri athera pa chipata, atayenda pansi ndi nyimbo kuchokera ku Old Town, kalata ya madandaulo iri m'manja, wina wa m'kati natuluka kudzailandira. Masiku amene khamu la anthu wamba linalowa m'katimo anali a maliro. Mu April 2012 anthu anandanda kudzaona nkhope ya Bingu, yemwe uja anaitsegula nyumbayo zaka ziwiri zisanakwane. Mu June 2024 anandandanso chifukwa cha Saulos Chilima, wachiwiri kwa Pulezidenti, amene anafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa. Ndipo munali m'nyumba momwemo pa 7 April 2012, dziko litakhala masiku awiri osadziwa wolamula ndani, pamene mai Joyce Banda analumbira kukhala Pulezidenti monga malamulo akulu ananenera, popanda mfuti kulira.

Masiku ena khomo siliri lotseka. Pamwamba pa chipinda cha msonkhano pali khonde la alendo, ndipo ana a sukulu, mabungwe a amai, ndi munthu ali yense angapemphe malo kudzera kwa phungu wa kwao kapena ku ofesi ya Kalaliki wa Nyumba. Wopitako abvale bwino ndipo afike msanga, pakuti pa chipata afunsa ndi kusanthula. Nthawi zina Sipikala aimitsa nkhani pang'ono, natchula dzina la sukulu kapena la bungwe limene lakhala pamwambapo, aphungu nawalonjera. Koma mlendo saloledwa kuomba m'manja, kululutira kapena kuponyapo liu, chinkana nkhani iri kukambidwa pansipo ndi ya mlatho wa kwao umene unapita ndi madzi. Akafuna kunena kanthu adikire phungu wake panja pa nthawi yopumula.